Malaya a Mkono Umodzi

Ndinali ndi zaka khumi pamene atate anasoka malaya a mkono umodzi.

Tinkakhala ku Madzimoyo, koma atate, a Banda, anali telala m'tauni ya Chipata, pakhonde la sitolo ina yansalu. Dziko linali litangolandira ufulu, ndipo akuluakulu ankatchulabe tauniyo kuti Fort Jameson. Pakhondepo panali makina awiri, a atate ndi a a Jere, mnzawo amene anaphunzira naye kusoka kumishoni. Masukulu atsopano ankatsegulidwa, ana ankafuna mayunifolomu, ntchito inali yosatha. Loweruka atate ankanditenga pakaliyala ya njinga, ndinkakhala nawo pakhondepo tsiku lonse.

Zinayamba ndi mutu. Ankadzuka m'mawa atagwira pachipumi, n'kupita kuseri kwa nyumba kukasanza. Dzuwa likakwera ankapezako bwino, ndipo amayi ankati ndi malungo. Koma tsiku lina ndinawapeza akupukuta lumo, tsaya lamanja lili see, lamanzere ndevu zili zonse.

"Atate, mwasiya uku," ndinatero.

Anayang'ana pakagalasi nthawi yaitali. "Kuti? Ndamaliza ine."

Ndinaseka, poyesa akundinamiza. Iwo sanaseke.

Kuyambira pamenepo, chilichonse chakumanzere kwawo chinayamba kuwasowa. Ankagunda phewa pachitseko. Munthu akawalankhula ali mbali imeneyo, ankamufunafuna kwina. Pamsewu waukulu njinga inkasiya m'mbali n'kumalowera pakati pang'onopang'ono, ndipo tsiku lina lole ya thonje inatidutsa pafupi kwambiri moti mphepo yake inanditentha mwendo. Atate anapitiriza kupalasa, akuimba nyimbo yakutchalitchi chamumtima.

Tsiku la malaya lija, mwini wake, mphunzitsi wina, anawatambasula pamaso pa anthu. Kolala inali bwino, mabatani ali m'mizere, koma mkono wamanzere kunalibe. Unali pansi, pafupi ndi phazi la atate. A Jere anadzuka, anatola mkonowo, anausokerera pamakina awo, n'kupereka malayawo kwa mwini wake. Atate anangokhala, akuyang'ana manja awo.

Nkhaniyo inakafika kumudzi itasintha. Anthu ankanena kuti a Jere anatola kansalu ka a Banda n'kuwalodzera. Amalume anga a Lazaro, mlongo wa amayi, anabwera kunyumba nkhope ili gwa.

"Achemwali, tsegulani maso. Makasitomala onse akupita kwa yani tsopano? Munthu wamphumphu angaphwe bwanji mbali imodzi ngati mtengo wothiridwa mankhwala?"

Ndinaona kuti mawuwo awalowa amayi. Inenso anandilowa. A Jere akandipatsa chitumbuwa ndinkachiponya m'ngalande.

Loweruka lina la mwezi wotentha, mitambo yakuda itaunjikana pamwamba pa mapiri koma mvula osagwa, amalume anafika pakhondepo ndi amuna awiri, zibonga zili m'manja, akufuna a Jere. Makina a a Jere analeka kulira. Anthu ogula m'sitolo anatuluka n'kuima chapatali. Amalume anaima kumanzere kwa atate, ndiye atate anachita kutembenuka thupi lonse, pang'onopang'ono, mpaka anawapeza.

"Alamu, mankhwalawo munawaona?" atate anafunsa.

"Aliyense akudziwa, alamu."

"Ndafunsa inuyo. Munawaona ndi maso anu?"

Amalume anayang'ana pansi. Atate anagogoda pamutu pawo ndi chala.

"Chimene chikundidya chili muno, ndikuchimva. Dzina lake sindilidziwa, inunso simulidziwa. Musachipatse dzina la mnzanga chifukwa choti mwatopa ndi kusadziwa."

Anafuna kunenanso zina, koma mlomo unapotoka. Anagwera pamakina, sizasi ndi maulusi zinamwazika, thupi lonse likuphiriphitha pasimenti. Ndinakuwa. A Jere ndi amene anathamanga kukawagwira mutu, ndipo iwo ndi amalume anawanyamula pamodzi mpaka kuchipatala.

Dokotala anawaunika m'maso ndi katochi, anawayendetsa m'chipindamo, kenaka anauza amayi kuti mwina muli chotupa muubongo, apite ku Lusaka. Amayi anakwera nawo basi, ife tinatsala kwa azakhali.

Pabedi loyandikana ndi la atate ku Lusakako panagona a Mwale, mlimi wamtedza wa ku Katete. Madokotala anawauza onse awiri mawu ofanana, ndipo onse awiri anawachita opaleshoni yapamutu. Onse awiri anabwerera kwawo ndi zipsera. Atate anakhalako bwino masabata ochepa, kenaka anayamba kugona masana onse, ndipo anamwalira chimanga chisanakhwime. A Mwale anachira. Kwa zaka zambiri amayi ankakumana nawo pamsika ku Chipata, atavala chipewa chobisa chipseracho, akugulitsa mtedza wawo. Ankapatsana moni mwaulemu, koma amayi akafika kunyumba ankakhala pakhonde osamasula katundu.

"Matenda amodzi, mpeni umodzi," ankatero. "Nanga bwanji wina ali pamsika, wina ali kumanda?"

Amalume anali ndi yankho lawo lakale lija, ndipo tsopano ankati umboni wapezeka. Zibonga sanazinyamulenso, koma pakamwa sanatseke. Anthu analeka kupereka nsalu kwa a Jere. Tsiku lina nditadutsa pasitolopo ndinapeza khonde lili mbee. Anthu anati a Jere anasamukira ku Lundazi. Sindinawaonenso.

Funso la amayi ndi limene linanditengera kusukulu ya udokotala, kenaka kuntchito yofufuza. Moyo wanga wonse ndakhala ndikuyang'ana tizidutswa ta zotupa za muubongo pamakina okulitsa zinthu, ndikuzisiyanitsa m'magulu. Poyamba tinkaweruza ndi maso okha, ndipo nthawi zambiri zotupa zooneka ngati mapasa zinkachita zosiyana mwa odwala. Titaphunzira kuwerenga chibadwa cholembedwa m'kati mwa maselo, tinapeza kuti kusintha kakang'ono kamodzi m'menemo kangathe kulekanitsa chotupa chokwawa zaka zambiri ndi chothamanga ngati moto walupsa. Chimene kale tinkachitchula ndi dzina limodzi chinapezeka kuti ndi matenda angapo.

Amayi anali atakalamba kwambiri pamene ndinawafotokozera zimenezi, tikuswa mtedza pamphasa ku Madzimoyo. Ndinawauza kuti mwina atate ndi a Mwale sanadwale matenda amodzi. Anamvetsera mpaka ndinamaliza.

"Ndiye cha atate ako chinali chiti?"

Kachidutswa ka chotupa chawo sikanasungidwe paliponse. Mayina ndinali nawo ambiri, ena mwa iwo ndinathandiza nawo kuwakhazikitsa, ndipo ndikanatha kusankhapo limodzi kuti mtima wawo ukhale pansi. Anali kundiyang'ana, manja ataleka kuswa.

"Sindikudziwa, amayi."

Anagwedeza mutu n'kubwerera pamtedza wawo.

Lero ndikumvetsa kuti mantha safuna kudikira. Amafuna dzina msanga, ndipo akalipeza, wina amapwetekeka, kaya ndi telala wosalakwa kaya ndi wodwala wopatsidwa mankhwala a matenda amene alibe. N'chifukwa chake wophunzira wanga akasuzumira pamakina n'kuthamangira kutchula dzina la chotupa, ndimamuuza kuti akhale pansi, ayang'anenso. Kunja kwa chitseko kumakhala banja likudikira, ndipo chimene tiwauze adzakhala nacho moyo wawo wonse.