Zala zisanu pabuti ya galimoto yanga

Chaka chino ndataya izi:

Mkazi wanga, Nambewe.

Makina ake osokera, amene anapita kwa amayi ake ku Maganga monga mwa mwambo.

Mapoto ndi lichero.

Munthu wondiuza kuti kolala yapindika.

Tulo ta m'bandakucha.

Chatsala ndi kagalimoto kobiriwira kamene ndinagula kwa mzungu wina wa zaulimi pamene ankabwerera kwawo. Pabuti pake pali dzanja la penti ya buluu. Sabata ino ndinatsala pang'ono kutayanso dzanjalo, ndipo nkhani ya lero ndi imeneyo.

Linabwera motere. Nambewe ankapenta mafelemu a mawindo a nyumba yathu. Ine ndinali kunyamuka kupita kusukulu kumene ndimaphunzitsa, nditaiwala makope a ana patebulo. Anathamanga nawo, ndipo pofuna kundiimitsa anamenya pabuti ndi chikhatho chonse, phwa! Makope ndinalandira. Dzanja linatsala pomwepo, chikhatho ndi zala zake zonse, ngakhale kamzere ka mphete. Sabata yomweyo malungo anamugwira. Zotsatira zake ena mwa inu mukuzidziwa, munabwera kumaliro.

Tsono Lolemba tinamva kuti kwathu kuno kudutsa alendo olemekezeka, pamsewu wopita ku Chipoka. Mukudziwa zimene zimachitika zikatero. Udzu umatchetchedwa, miyala imandandalikidwa m'mbali mwa msewu, laimu amatuluka kumene amabisala chaka chonse. Mitengo imavala masokosi oyera. Mbuzi ikaima nthawi yaitali pamalo amodzi, nayonso ikhoza kupakidwa.

Galimoto yanga inaima nthawi yaitali pamalo amodzi.

Ndinaisiya pansi pa mtengo, kunja kwa mpanda wa sukulu. Opaka laimu anagwira ntchito yawo ndi mtima wonse, ndi matsache aakulu, mphepo ya kunyanja ikuwathandiza. Potuluka m'kalasi ndinapeza galimoto yasanduka nkhanga.

Ndili chiimire, anatulukira a tcheyamani a m'dera lathu, akukankha njinga yawo.

"Aphunzitsi, magalimoto m'dera muno ndi owerengeka. Yanuyi Lachisanu idzaima pamzere wolandira alendo. Koma iwale, mwamva? Madonthowa achoke."

Anaizungulira ngati akugula ng'ombe. Atafika kumbuyo anaima.

"Ichi n'chiyani?"

"Ndi dzanja, a tcheyamani."

"Ndikuliona kuti ndi dzanja. Zala zilipo zingati?"

Ine ndimaphunzitsa Chingelezi osati masamu, komabe ndinawerenga nawo.

"Zisanu."

"Ehe! Zisanu. Aphunzitsi, inu munapita kukoleji. Ife kuno polonjera alendo timakweza chala chimodzi. Wina akaona zisanu pagalimoto ya mphunzitsi, n'kufunsa kuti zinayi zinazi ndi za yani, ine ndidzayankha chiyani?"

"Ndi penti chabe."

"Penti siyankha mafunso. Woyankha ndine. Pofika Lachisanu lichoke."

Ndikufuna owerenga amve bwino pamenepa. A tcheyamani sanali kundiopseza. Anali kundithandiza. Ndi munthu wabwino, ndipo bokosi la Nambewe ananyamula nawo. Koma kuti dzanjalo ndi la yani sindinawauze. Pali mawu ena amene sindingawatulutse pamsewu, ndipo ana a sukulu anali pamawindo.

Madontho a laimu ndinayamba kulimbana nawo ndekha. Amene muli ndi magalimoto, tolanipo nzeru. Musapukute ndi nsanza youma. Fumbi la kunyanja kuno ndi mchenga, ndipo kupukuta pouma n'chimodzimodzi kupala galimoto ndi sandipepa. Yambani ndi madzi ambiri ndi sopo. Madontho okanirira, finyirani mandimu m'madzi, nyowetsani nsanza, dikirani pang'ono, amasungunuka. Kenako tsukuluzani msanga. Zonsezi ndinachita, laimu anachoka. Koma penti inatsala yotuwa ngati miyendo ya munthu wosamba osadzola.

Ndiye Lachitatu ndinapita kwa Che Amidu ku Chipoka. Che Amidu amakonza injini za maboti, ndipo maboti akasowa amakonza chilichonse chimene chawayandikira. Ndinali nditamva kuti achimwene awo, pobwera kumigodi ku Joni, anawabweretsera makina a magetsi opukutira galimoto. Anawatulutsa m'thumba la ufa. Ndi chinthu cha zogwirira ziwiri, kumapeto kwake kuli mbale yozungulira yovala chipewa cha ubweya wa nkhosa.

"Mwafika nthawi yabwino, aphunzitsi," anatero. "Makinawa akhala akudikira munthu wolimba mtima."

"Munayamba mwawayesapo?"

"Pachitseko cha nyumba."

Ndinayang'ana chitsekocho. Chinali ndi dazi.

"Inu poti munapita kukoleji, werengani apa, atiuze poyambira."

Ndinawerenga kachitsulo kamene kali pambali pa makinawo. Panali manambala ndi mawu a chiyankhulo cha mabunu. Ndinawauza kuti akuti tisamale. Anagwedeza mutu, nati nawonso ankaganiza choncho.

Anapaka polishi paubweya paja mowolowa manja, ngati akugawira mwana phala. Anati "Bismillah," n'kuyatsa makina ali m'mwamba. Polishi yense anabwerera kwa eni ake. Wina pamalaya anga, wina pamagalasi, wina pakofia ya Che Amidu. Wotsala anakagwera m'beseni la usipa la mayi wina amene ankadutsa.

"Inu Che Amidu inu! Nsomba zanga ndikagulitsa bwanji zikununkha nsapato?"

"Ziwala, mayi! Ogula azionera patali!"

"Iwale ndi mphumi yanuyo! Mukadzafuna ndiwo mudzakazinge makinawo!"

Apa tinaphunzira zinthu ziwiri. Polishi azikhala wochepa, ndipo makina aziyatsidwa atagona kale papenti. Chachitatu tinachiphunzira pamene tinaona polishi akuumira paboneti ngati chikhokho. Padzuwa sapukutirapo galimoto. Tinaikankhira pamthunzi.

Chachinayi chinandiwawa. Panadutsa shehe wina panjinga n'kupereka salamu. Che Amidu ndi munthu waulemu. Anatembenuka, anayankha salamu yonse, anafunsa za kunyumba, za ana, za mwendo wa amayi. Nthawi yonseyi makina anali kuzungulira pamalo amodzi, pamphepete pa madigadi. Kunamveka kafungo. Pobiriwira panatuluka potuwa, potuwa panatuluka chitsulo.

Che Amidu anawerama, napayang'anitsitsa.

"Apa ndiye pawala zenizeni," anatero.

Koma kunena zoona, pambuyo pake tinagwira njira. Ine ndinkadontheza polishi, iwo ankayendetsa makina pang'onopang'ono, osakanikiza, osaima, uku ndi uku ngati munthu wosita nsalu ya mwini. Kubiriwira kuja kunayamba kubwerera. Boneti inawala mpaka ndinaona nkhope yanga. Ndinaona kuti ndaonda, ndiye ndinasiya kuyang'anapo.

Tinamaliza zitseko, tinayandikira kumbuyo. Ndinawafotokozera Che Amidu nkhawa ya a tcheyamani. Anaseka mpaka kutsokomola, kenako anakanda pambali pa dzanjalo ndi chikhadabo.

"Iyi ndi penti ya mafuta. Kaparafini pang'ono, makina pamwamba, basi yapita. Kapena tichite chonchi, aphunzitsi. Tichotse zala zinayi, tisiye cholozerachi. A tcheyamani adzakuikani patsogolo penipeni pa mzere!"

Amanena izi makina akulira kale m'manja, akutsika.

Sindikumbuka kuti ndinaganiza kanthu. Ndinangoona dzanja langa lili pabuti, pamwamba pa linzake. Ubweya uja unandisupula khungu pachala. Che Amidu anazimitsa makina.

"Astaghafirullah! Mukufuna ndipukute inuyo?"

"Ndi la malemu mayi a kunyumba," ndinatero.

Dzanja langa linali litaphimba lonse, osatsala ndi nsonga ya chala yomwe. Sindinkadziwa kuti lake linali laling'ono chotero.

Che Amidu ananena motsitsa mawu aja amene Asilamu amanena akamva za imfa. Kenako anayamba kukulunga waya.

"Kumbuyo sitifikako," anatero. "Waya wachepa."

Waya ameneyo akanatha kufika kudoko n'kubwerera.

Pobwerera kunyumba ndinayendetsa pang'onopang'ono, ndikuyang'ana miyala ya laimu ija, ndikuganiza za Lachisanu. Kodi inu munayamba mwaimapo n'kusuzumira kumbuyo kwa miyala imeneyi? Ine ndinaima. Kulibe laimu. Mwala uli monga unabadwira, dothi, ndere, mwina kabuluzi. Mitengonso chimodzimodzi, sokosi lili mbali ya kumsewu kokha. Ndipo palibe amene amadandaula. Opaka akudziwa, owatuma akudziwa, ndikuganiza kuti alendonso akudziwa.

Nanga bwanji ulemu umene timapereka kwa mwala sitiupereka kwa namfedwa?

Maliro akatha, tikameta, aliyense amabwera ndi nsanza yake. Azakhali anga akuti ndichotse chithunzi cha ukwati pakhoma, akuti ndicho chikundiwondetsa. Mnzanga wa kukoleji akuti mankhwala ake ndi mowa, ndipo wadzipereka kumwa nane mpaka ndichire. Amayi ena a kutchalitchi andiuza kale kangapo za namwino wina wa ku Chitala, wofatsa, wodziwa kusita, amene sindinafunse za iye. Onsewa amandikonda, sindikukayika. Koma onse akufuna ndiwale pofika Lachisanu, kutsogolo ndi kumbuyo komwe.

Kodi banga la mnzathu limatisowetsa mtendere chifukwa chiyani? Tikupukuta kuti iye apepukidwe, kapena kuti ife tikamadutsa tisaone kanthu kotikumbutsa? Ndipo mwaona zimene zinachitika pamadigadi paja. Mukakanikiza pamalo amodzi nthawi yaitali, ngakhale muli ndi ulemu wonse, penti imapsa.

Laimu sindikumunyoza ayi. Inenso ndimadzipaka m'mawa uliwonse. Ndimasita malaya, ndimameta ndevu, wondipatsa moni ndimamuyankha kuti ndili bwino, kaya iye. Ana a fomu thu sanabwere kusukulu kudzaona mphunzitsi atatsamira bolodi. Kumsewu kuzioneka bwino, ndavomera. Ndikungopempha kuti kumbuyo kwa mwala muzikusiya.

Lachisanu ndinalawirira. Mzere wa magalimoto unali pafupi ndi mlatho, ndipo kumapeto kwake kuli tchire limene aliyense wa kuno amalilambalala, chifukwa layanga chitedze. Ndinatseka mawindo, ndinalowetsa galimoto chambuyo mpaka buti yonse inamira m'masamba. Kumsewu kunatsala boneti, ikunyezimira.

A tcheyamani anafika atavala suti. Anaima patsogolo pa galimoto, anadziona paboneti, anatulutsa chipeso n'kukonza tsitsi.

"Izi ndiye timafunazi, aphunzitsi! Nanga kumbuyo kuli bwanji?"

"Kaoneni, a tcheyamani."

Anaponya phazi limodzi. Anakweza maso, anaona tinyemba taubweya tija tikulendewera pamwamba pa mutu wawo, tikugwedezeka ndi mphepo. Phazi lija linabwerera lokha.

"Ndikukhulupirirani, aphunzitsi. Munthu wophunzira sanama."

Ine sindinanene kanthu, choncho mawu awo akadali oona.

Alendo anadutsa dzuwa lili pamutu. Amayi anaimba, tonse tinakweza chala chimodzi, ine ndinakweza chosupuka chija. Magalimoto awo anali otseka mawindo ndipo anali pachangu. Fumbi limene anatisiyira linakuta miyala, mitengo, suti ya a tcheyamani ndi boneti yanga mofanana. Ntchito ya Che Amidu inaonekera nthawi yokwana kumeza malovu.

Potulutsa galimoto m'tchire muja ndinatsika kuti ndione ngati nthambi sizinakande dzanjalo. Silinakandike. Koma chitedze sichisankha, sichidziwa namfedwa. Ndemanga ino ndikulemba ndi dzanja limodzi, linalo likukanda m'khosi.

Wina anena kuti aphunzitsi azungulira mutu, akulondera penti. Ndikudziwa kuti ndi penti. Ndikudziwanso kuti dzuwa la ku Salima silisunga chinthu, buluu uja wayamba kale kufwifwa cha kuchala chaching'ono. Tsiku lina lidzatha lokha. Koma wolichotsa sindidzakhala ine, ndipo chifukwa chake n'chachifupi.

Tsiku lomaliza kuchipatala, belu lotulutsa odzaona odwala linali litalira. Ndinali nditanyamula kale mbale ndi fulasiki. Thupi lake linali moto, koma maso anatseguka ndipo anandizindikira. Anandikoka malaya kuti ndiwerame. M'mabuku amene tinkawerenga kukoleji, anthu akafika pamenepa amanena zazikulu, ndiye ndinatchera khutu.

Anati: "Penti ija musapale ndi mpeni, mwamva? Muwononga galimoto. Ndikatuluka ndidzachotsa ndekha."