Injini Imene Akazi Anga Anasankha

Akazi anga anakulira m'galaja. Bambo awo anali makaniko ku Limbe, ndipo anzawo akamasewera phada, iwo ankakhala akupatsira masipanala. Titabwera kuno kunja, mumzinda wa South Bend, analowa unamwino pachipatala cha m'tauni, ndipo kwa zaka zambiri ankayendera kagalimoto kakale, kongowafikitsa kuntchito basi.

Ana atamaliza koleji, tsiku lina anangoti akufuna galimoto yamphamvu ija ya kuno, ya zitseko ziwiri ndi boneti lalitali. Ine ndinkayesa nthabwala. Loweruka lotsatira tinali pamsewu wopita ku Indianapolis.

Pamalo ogulitsira magalimoto chakufupi ndi Lafayette Road panali atatu a mtundu umodzi. Kwa ine ankangosiyana penti. Wogulitsa, bambo wamtali waimvi, anayamba kufotokozera ineyo. Anati yoyamba inali ndi masilinda sikisi, yosamwa mafuta kwambiri. Yachiwiri inali ndi eyiti. Yachitatu inalinso ndi eyiti, koma anaiwonjezera chipangizo chokankhira mpweya wochuluka mu injini. Ine ndinkangogwedeza mutu. Akazi anga anapempha kuti atsegule maboneti onse, alize imodziimodzi.

Yoyamba sanachedwe nayo. Anati ndi yaulemu, yabwino kupitira kutchalitchi. Yachitatu italira ndinabwerera m'mbuyo osadziwa. Iwo anamwetulira nthawi yaitali, kenako anati ndi sinowo ya ku South Bend matayala akumbuyo azidzangoterereka, ndipo sakufuna kukagonekedwa m'wodi yawo yomwe. Pa yachiwiri ndi pamene anakhalitsa. Anaweramira mu injini, anasolola kawaya koonera oyilo n'kukanunkhiza, ndipo anafunsa za magiya ndi mabuleki mpaka wogulitsa uja anasiya kuyang'ana ine.

"Bambo a ana, tamverani," anatero. "Iyi ikupuma bwino, siikupupuluma. Ababa akanaikonda."

Ndinatchera khutu. Ndinkangomva phokoso, koma nkhope yawo ndinali ndisanaione choncho chichokereni kumudzi.

Anaitesita okha pamsewu waukulu, ine nditakhala pambali, nditagwira lamba ndi manja awiri. Sanathamangitse mopusa ayi. Ankasintha magiya ndi dzanja, modekha, ndipo galimotoyo inkawamvera. Tinaigula n'kubwerera nayo tsiku lomwelo, iwo patsogolo, ine m'mbuyo pa kagalimoto kakale kaja. Mwana wathu wamkazi ataona chithunzi chimene tinamutumizira anayankha m'Chingerezi kuti amayi ake apenga, koma sabata yomweyo anabwera kudzakwera.

Nyengo yozizira galimotoyo imagona m'galaja itafundidwa nsalu. Kukayamba kufunda amasintha okha oyilo, atavala ovolosi pamwamba pa zovala za kuchipatala, ndipo azibambo a kumpingo amaima mozungulira n'kumafunsa mafunso.

Ine ndinaidiraiva kamodzi kokha. Inandizimira kawiri pamaloboti, a m'mbuyo akuimba mahutala. Akazi anga anangochepetsa wailesi, n'kudikira kuti ndiyesenso.