Fulashi ya m'Phulusa

Ukafika pa Malomo n'kufunsa za Mayi Margareta, palibe amene angakuuze za munda wawo kapena za ana awo. Aliyense amangoti, "Aja a mawu aja?" Amatero mpaka lero, chonsecho mawuwo anapita. Mayiwa anakulira m'kwaya, ndipo kwa zaka zambiri ndiwo ankatsogolera kwaya ya amayi pa tchalitchi chawo cha kuseri kwa phiri. Nyimbo ankapeka okha, akupalira kapena akusoka fodya m'chigafa. Sankazilemba paliponse. Zinkakhala m'mutu ndi pakhosi basi.

Sanali munthu wofewa ayi. Ukaphonya poyambira, ankangokuponyera diso, iwe n'kumva kutentha mpaka kumsana. Amayi ankawanena kumbali kuti ndi a nkhanza, koma pakagwa maliro aliyense ankafuna kuti nyimbo ayambitse ndi iwowo.

Kenako khosi linayamba kutupa. Kuchipatala anati ndi chithokomiro, chakula, chiyenera kuchotsedwa, ndipo anawachenjeza poyera kuti mawu mwina sadzabwerera mwakale. Amayi a m'kwaya atamva anasonkha chimanga ndi mtedza, n'kugulitsa, n'kukwera minibasi ulendo wa ku Lilongwe kukajambula nyimbo mpeni usanafike pakhosipo. Anabwerako ndi fulashi, kanthu kochepa ngati chala cha mwana, nyimbo zonse zili momwemo. Mwini situdiyo anawalangiza kuti akakopere penanso. Mayi Margareta anakana kwamtuwagalu. Ankadziwa kuti nyimbo ikangolowa m'kompyuta ya pamsika, mawa lake umaimva ikulira pamalo omwera mowa, eni ake musanaikhazikitse n'komwe.

Vuto linali pobisa. M'chikwama zidzukulu zimapisamo, Baibulo anthu amabwereka, denga nalo limadontha. Malo amodzi okha ndi amene sanawakhumudwitsepo chibadwire: mtsuko wa nyemba zambewu, zosakaniza ndi phulusa kuti anankafumbwe asalowe. Chimene waika m'phulusa sichifumbwa, amayi awo anawaphunzitsa choncho, ndipo sizinalepherekepo. Kachivindikiro ka fulashi kanali katagwera m'minibasi, koma iwo sanaone vuto. Anaikwirira pansi penipeni.

Opaleshoni inayenda bwino, moyo unapulumuka. Mawu ndiwo anabwerako osasa, onong'ona, ndipo mtima ukangokwera m'mwamba ankatheratu, pakamwa n'kumangotuluka mpweya. Nyemba zinadzalidwa, phulusa n'kutsala mumtsuko pa dothi lonyowa dzinja lonse. Atakolola, amayi anati tsopano nyimbo zija zituluke. Mayi Margareta anafukula fulashi ija, n'kupeza kukamwa kwake kwatsekeka, kwachita dzimbiri lobiriwira.

Mayi Judith, wapampando wa kwaya, anaiyesa pa sipika ya kutchalitchi, koma inangoti zii. Anaimbira mwini situdiyo uja, n'kumva kuti anagulitsa zipangizo zonse, ali ku Joni. Pa Malomo, wolowetsa nyimbo wina anaiuzira mpweya, wina anaigogoda patebulo ngati akuswa mtedza, onse n'kupukusa mutu. Ndiye wina anatchula za a Lester, bambo wokonza makompyuta paboma pa Ntchisi. Mayi Margareta anamanga fulashi pansonga ya chitenje n'kupita okha, pakuti sanafune kuti Mayi Judith akamve kumene inagona.

A Lester anali munthu wa imvi zapatalipatali, wosapupuluma, wa mtundu uja umakupsetsa mtima ukakhala pachangu. Anatsegula pa kompyuta tsamba lakuda bii lodzaza timalemba toyera, n'kulowetsa fulashi. Palibe chinasuntha.

"Muone apa, amayi," anatero. "M'kati mwa makinawa muli chimene timachitcha kenelo. Ndiye mwini khomo. Mukalowetsa chinthu pabowopa, magetsi ake amasintha pang'ono, ndiko kuodira kwakeko. Kenelo ikamva imafunsa kuti ndiwe yani, unapangidwa kuti, wasenza zochuluka bwanji. Mlendo akayankha bwino imam'patsa dzina ndi pokhala, ndiye ife n'kumasula katundu. Zonsezo zimalembedwa apa. Koma yanuyi ngakhale odi sanamveke."

"Ndiye yogontha ndi kompyuta yanuyo," ananong'ona Mayi Margareta.

A Lester anatenga singano, mswachi wakale ndi kabotolo ka sipiriti, n'kuyamba kutokosa. Patebulo panagwa timibulu totuwa. Anatinunkhiza, n'kuwayang'ana mayiwo pamwamba pa magalasi.

"Kodi munkaiotcha ngati mbatata?"

"Ndinaisunga," anayankha mwaukali, manyazi atawagwira. "M'phulusa simulowa kanthu."

"Nankafumbwe salowa, n'zoona. Koma phulusa likanyowa limasanduka chidulo, ndipo chidulo chimadya chitsulo."

Chidulo Mayi Margareta ankachidziwa bwino, ankachitcheza okha pophika therere. Zinawapweteka kuti nzeru imene inasunga mbewu zawo moyo wonse ndi imene yawadyera nyimbo. Anakhala pabenchi kumbuyo kwa a Lester, mtima ukuwawa.

Fulashi itauma, a Lester anailowetsanso, n'kuikankhira pambali pang'ono ndi chala. Mwadzidzidzi timalemba tinathamanga patsamba lakuda lija.

"Eya, yamva! Ikufunsa dzina. Wayankha. Yam'patsa pokhala. Katundu uyo!"

Anayamba kukopera zonse. Tsoka ilo, choyambirira m'fulashimo sichinali nyimbo. Anali mawu othokoza amene Mayi Judith anaumirira kuti ajambulidwe patsogolo, ndipo Mayi Judith akayamba kuthokoza amayambira kwa Adamu. Kukopera kusanafike ndi pakati pomwe, mzere watsopano unatuluka pansi.

"Wachoka," anatero a Lester. "Timawaya take tadyeka, sitikugwira bwino."

Anayesanso. Kenelo inamvanso odi, n'kuyambiranso mafunso omwe aja, ndiwe yani, unapangidwa kuti. Mayi Margareta anaimirira.

"Ikufunsiranji? Si yemwe uja wangochokayu? Nthawi ikutha ndi malonje!"

"Ilibe chibale imeneyi, amayi. Ukatuluka n'kulowanso, ndiwe mlendo watsopano."

Zinatero mobwerezabwereza mpaka dzuwa linapendeka. Nthawi zina mlendo ankachoka asanatchule dzina, nthawi zina ankafika pa mpando n'kuthawa. Ulendo uliwonse ankakhalitsa mochepera kuposa wapitawo, ndipo fulashi inayamba kutentha. Panja kondakitala wa minibasi ya ku Malomo anali kukuwa ngati akuwanena iwowo.

"Zonse sizituluka," anatero a Lester potsiriza. "Ikabweranso, mwina n'komaliza. Tisankhe nyimbo imodzi. Mayina mulibe, muli manambala okha, ndiye mundiuze nambala."

Manambala ankawadziwa pamtima. Yachitatu inali yawo, imene anapeka amuna awo atamwalira, yoimba okha kuyambira poyamba mpaka pothera, mawu awo enieni aja. Yachisanu inali ya gulu lonse, mmene mumamveka mayi aliyense amene anasenza chimanga chake kukagulitsa. Akatenga yawo, akawayang'ana bwanji anzawo? Akatenga ya gulu, mawu awo adzawamvanso kuti? Mapanga awiri avumbwitsa. Anali akadasinkhasinkha pamene a Lester, atawerama, dzanja limodzi litagwira fulashi kuti isagwedezeke, anafuula.

"Yabwera! Nenani, amayi, msanga!"

Pomwepo mtima unasankha yachitatu. Anatsegula pakamwa, koma panangotuluka mpweya. Anakankha ndi mphamvu zonse, khosi linakana. Anatukula zala zitatu, koma a Lester maso anali pa kompyuta, atawafulatira.

"Nambala, amayi!"

Mayi Margareta anawamenya paphewa kuti acheuke. Phewa linagwedeza mkono, mkono unagwedeza fulashi, ndipo mzere uja unatulukanso pansi pa tsamba. A Lester anayesa kulowetsa, kutulutsa, kupukuta, kusintha bowo. Kenelo sinamvenso odi, tsiku limenelo ngakhale masiku otsatira pamene anaitsegula m'kati n'kupeza zonse zitadyeka.

Chimene chinapulumuka ndi chidutswa cha mawu a Mayi Judith. A Lester anawaikira Mayi Margareta pa foni yawo, ngakhale eni foniyo anati n'chipongwe. Kwa amayi a kwaya, mayiwa ananena zoona zake, za mtsuko ndi phulusa. Ena analira, ena anang'ung'udza za chimanga chawo, ndipo Mayi Judith anangoti madzi akatayika saoleka, koma nkhope ikuonetsa kuti sanadandaule kwenikweni ndi chimene chinatsalacho.

Panapita nthawi Mayi Margareta asanachimvetsere chidutswacho. Tsiku lina akusenda nyemba pakhonde anachitsegula mwangozi. Mayi Judith anathokoza abusa, akulu a mpingo, amuna awo, dalaivala wa minibasi. Ndiye chakumapeto, chidutswacho chitatsala pang'ono kuduka, kumbuyo kunamveka munthu wotopa ndi kudikira akukonza pakhosi, kenako n'kung'ung'uza poyambira nyimbo kuti anzake agwire. Mawu oyera, okwera, osanjenjemera. Anangomveka kamphindi ka mpweya umodzi, n'kuduka.

Kwaya pano akutsogolera ndi ena, ndipo nyimbo yachitatu ija amaiimba mothamanga, Mayi Margareta n'kumamenya benchi ndi chikhatho kuti abweze, osawamvera. Foni yawo ndi ya mabatani, ndipo kudumphitsa sadziwa. Choncho tsiku lililonse, akaweruka kumunda, amakhala pakhonde n'kupirira kuthokoza konse kwa Mayi Judith, akutukwana chamumtima, kudikira kuti adzimve.