Ba Mulamu, Ekita Wanu Wamera Imvi

Ba Mubita, mulamu wanga, gawo lachiwiri la filimu yanu ija ya nkhondo za kunyenyezi latuluka! Achedwa nalo mpaka mwana wanga amene anali kumsana kwa mlongo wanu nthawi ija tsopano akumeta ndevu. Mukukumbuka m'kanyumba ka vidiyo ku Linda? Chombo cha ekita chitangosowa mumdima, maina anayamba kukwera pa sikirini, anthu onse n'kumatuluka, inu phee pabenchi. Munakuwira mwini vidiyo kuti, "Iwe, tembenuza disiki, yotsala ili kumbuyo!" Ine ndinaseka mpaka anandimva ku Zimbabwe. Inu osaseka, munangoti, "Mulamu, ekita safa. Azabwera chabe."

Dzulo ndaionera, ine katswiri wa mafilimu mu Dambwa North yonse. Anthu akulalata pafoni kuti ni yobowa, ati tadikira zaka zonsezi kuti tione mdala wamimba akuthamanga ngati wasenza thumba la simenti. Alekeni alankhule. Ine, ekita atangotuluka m'chombo muja, mutu uli mbuu ndi imvi, kuseka kunandikanika. Wabweradi, ba mulamu, munanena zoona. Koma iye amulola kukalamba. Ine ndinali nditasunga nthabwala zodzaza lole yonse zoti ndidzakusekeni nazo mukadzamera imvi, inu n'kutisiya tsitsi likadali bii.

Gonani bwino, ba Mubita. Nthabwala zimenezo sindidzaseka nazo munthu wina.