Wowotcha Mavu wa ku Nambala Seveni

Pa esiteti ina ya tiyi ku Thyolo munthu amadziwika ndi ntchito yake, dzina limabwera pambuyo. Kuli othyola tiyi, odula nkhuni za ku fakitale, alonda ndi opopera mankhwala. A Rodwell Namakhwa anali wowotcha mavu, ndipo ntchito imeneyo panalibe amene ankawachitira nsanje.

Esitetiyo ndi ya tiyi, koma kumunsi kwake kuli munda umodzi wa khofi umene anthu amangouti Nambala Seveni. Mavu amakonda kumanga zisa kunsi kwa nthambi za khofi, ndipo mayi wothyola akapisa dzanja osayang'ana amabwerera ku komboni diso litatsekeka. Choncho a Namakhwa ankalawirira mame asanakamuke, mavu akadali olefuka ndi chisanu, muuni wa udzu uli kumanja, n'kumayenda mzere ndi mzere. Chisa chikagwira moto chinkalira thethethe, eni ake n'kuyoyokera pansi. Anachita zimenezi zaka makumi atatu ndi zinayi, mpaka nsidze zawo zinatopa n'kusiya kumera.

Iwowa anabadwira mu komboni momwemo. Agogo awo anachokera ku Mozambiki wapansi, mphasa ili pamutu, n'kugwira thangata kwa mzungu. Bambo awo anakalambira m'mizere ya tiyi. Mibadwo itatu inathira thukuta pa dothi lofiira lija, koma panalibe ngakhale pogona nkhuku pamene banjalo likanati apa ndi pathu. Akazi awo a Zelipa nawonso anali mwana wa mu komboni. Ndipo lamulo la pa esiteti silichita manyazi: nyumba ndi ya ntchito. Ukapuma, kiyi umabweza, kumene ukagone n'kwako.

Pakati pa Nambala Seveni ndi nkhalango ya bulugamu pali khwawa lotsetsereka, la tchire ndi kamtsinje, limene tiyi analikana. Manijala wina wakale, tsiku limene anadzuka bwino, anawauza a Namakhwa kuti, "Khwawa limenelo lilibe ntchito, madala. Kalimeni. Mukadzapuma mudzamangepo." Ananena ndi pakamwa, atatsamira galimoto, ndipo patapita chaka anasamukira ku Mulanje pamodzi ndi pakamwa pakepo.

A Namakhwa mawuwo anawasunga ngati mbewu. Anaswa mphanje kachigawo kochepa, n'kubzala chimanga, nandolo, chinangwa ndi mtengo umodzi wa mapeyala. A Zelipa ankatunga madzi, iwo akuumba zidina. Malata anagula limodzilimodzi kwa zaka zisanu ndi chimodzi mpaka anakwana khumi ndi anayi. Nyumba inaima, ya zipinda ziwiri, kungotsala chitseko. Chaka chimenecho mwezi wa Juni anali woti apume pa ntchito, ndipo aka kanali koyamba kuti munthu wa kwa Namakhwa ayembekezere ukalamba wopanda mantha.

M'khwawa momwemo ndi mmene anaonera chinthu chimene chinadzawagwetsa. Tsiku lina akupuma pamthunzi, anaona vu litatera pa tsamba la khofi, n'kugwira mbozi yobiriwira, ija imadya masamba. Linaitafuna mpaka inasanduka kampira, n'kuuluka nayo kupita kuchisa kukadyetsa ana. Anayamba kutchera maso. Mizere yoyandikana ndi khwawa masamba ake anali athunthu, owala. Mizere ya kumtunda, kumene iwo ankawotcha mwakhama, masamba ake anali nsanza zokhazokha. Manyazi anawagwira. Zaka zonsezi anali kuwotcha alonda a munda, bwana n'kumawayamikira.

Kuyambira pamenepo muuni ankaunyamula mongonamizira. Chisa akachipeza ankachiphimba ndi thumba m'mamawa, kudula kanthambi kake, n'kukachipachika m'tchire la m'khwawa. Amayi othyola sankalumidwa, mavu sankafa. Sanauze munthu, kupatula a Zelipa.

Kenako kunabwera manijala watsopano, a Pearl Gondwe, mayi wachitsikana wa kumpoto amene anaphunzira za ulimi ku Lilongwe. Anthu ankangowati Madamu. Sanali munthu wokalipa, ndipo n'chimene chinawapusitsa a Namakhwa, chifukwa bwana wokalipa umamudziwira patali. Madamu anafika pa nthawi yoipa. Azungu ogula khofi anali atanena kuti safunanso khofi wonunkha mankhwala, kupopera kunaletsedwa, ndipo mu Januwale mbozi zinagwa pa Nambala Seveni ngati zaitanidwa. Madamu ankayenda m'mundamo nkhope ili gwa, ntchito yawo ili pa ulusi.

"Ndikawauza za mavu aja," anatero a Namakhwa kwa akazi awo. "Ndikawathandiza, atilembera pepala la khwawa lija. Mawu a pakamwa sindigona nawo tulo."

A Zelipa anasiya kusenda chinangwa. "Abambo a Tione, khalani chete. Chinthu chimene bwana sanachione chimakhala chako. Akachiona ndi chake."

"Mayi ameneyu ndi wophunzira. Si ngati enawa."

"Ophunzirawo ndiye amaonetsetsatu."

Sanamve. M'mawa mwake anawadikira Madamu pamsewu, chipewa chili m'manja, n'kuwatsogolera kutsika nawo mpaka m'khwawa. Anawaonetsa mizere yathanzi ndi mizere yodyedwa. Anawaonetsa zisa makumi awiri ndi zitatu zimene anapachika ndi manja awo. Mwayi wake, kapena tsoka lake, vu lina linagwira mbozi pamaso pawo pomwepo. Madamu anagwada m'matope osasamala buluku lawo loyera, n'kujambula ndi foni.

"Madala, inu ndi pulofesa! Mwaupulumutsa munda uno, mukudziwa?"

A Namakhwa anaseka mano onse otsala ali pamtunda. Pamenepo anatchula za pepala, mwaulemu, akuloza nyumba yopanda chitseko ija ndi chimanga chimene chinali chitayamba kumasula. Madamu anayang'ana nyumbayo kanthawi, n'kunena kuti, "Tikambirana." Tsiku limenelo bamboyo anabwerera ku komboni akuimba mluzu. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Mu Febuluwale kunafika alendo atatu, azungu awiri ndi Mmalawi wovala nsapato zokwerera mapiri. A Namakhwa anapatsidwa ovolosi yatsopano yobiriwira ndi nsapato za jombo kuti aoneke bwino pachithunzi. Anawaimika pafupi ndi chisa, kuwauza kuti aloze, aseke, alozenso. Mzungu wamkazi analoza chimanga ndi nyumba n'kufunsa kanthu. Madamu anayankha m'Chingerezi chothamanga, mzunguyo anagwedeza mutu n'kulemba. A Namakhwa, amene Chingerezi chawo chinathera pa moni, anagwedeza nawo mutu akumwetulira, poganiza kuti akuyamikiridwa ulimi. Alendo atapita, kalaliki anabwera kudzatenga ovolosi ndi jombo zija.

Sabata yoyamba ya Malichi, pakhomo la khwawa panazikidwa chikwangwani cha chitsulo chokhala ndi chithunzi cha vu lalikulu: MALO OTETEZEDWA. KULIMA, KUDULA MITENGO NDI KUYATSA MOTO N'KOLETSEDWA. M'mawa wotsatira kunatsika amuna asanu ndi zikwanje. Wowatsogolera anali a Amosi, mkulu wa alonda, amene anavinidwa simba limodzi ndi a Namakhwa ali anyamata.

"Achimwene, musandide ine," anatero a Amosi maso ali pansi. "Ndatumidwa."

"Amosi, chimangachi chatsala masabata atatu. Dikirani chikhwime, ndikolole, kenako mudule mapesi."

"Akuti alendo akubweranso pa fifitini. Akuti asadzapeze munda."

Chimanga chinali ndi ndevu, zitsononkho zitatupa. Anachigwetsa chonse ola limodzi lisanathe, n'kuzula chinangwa, n'kusadza nandolo. Mtengo wa mapeyala anausiya poti mitengo ndi yotetezedwa. A Zelipa anayamba kutola zitsononkho zanthete m'chitenje chawo, koma mlonda wina anawalanda, akuti m'malo otetezedwa simutuluka kanthu. Anazisiya pansi kuti ziwole, zikhale manyowa.

A Namakhwa anakhala pa benchi ya ku ofesi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka. Madamu atawalowetsa, anawapatsa mpando, chinthu chimene bwana aliyense anali asanawachitirepo.

"Pepala la malowo muli nalo, madala?"

"Ndi limene ndinadzapempha kwa inu, Madamu."

"Ndiye mukuona vuto langa. M'mabuku a esiteti malo aja ndi tchire. Komanso inu nomwe ndi amene munandiphunzitsa kuti mavu amafuna tchire. Pakakhala munthu pamenepo pakhala utsi, pakhala khasu, pakhala mbuzi. Ogula akaona zimenezo satifiketi ya khofi wopanda mankhwala sitipata, ndipo Nambala Seveni itsekedwa. Amayi onse othyola aja adzadya chiyani? Mukufuna alire chifukwa cha inu?"

Ananena mofatsa, ngati nesi. A Namakhwa mtima unkawawawa kwambiri poona kuti mpeni umene ukuwachekawo anaunola okha.

"Basi malata anga okha, Madamu. Khumi ndi anayi. Ndikapeza pena pokhoma."

"Amenewo ndi anu. Kasasuleni Loweruka, a Amosi akakuperekezani."

Loweruka anatsika ndi hamala yobwereka, a Zelipa atatenga nkhata zosenzera. Atalowa m'nyumbamo anamva kulira kumene ankakudziwa kuposa mawu a mwana wawo. Pa mtanda wa denga, pakati penipeni pa chipinda chimene chinayenera kukhala chogona, panalendewera chisa chachikulu ngati mbale, china chaching'ono pambali pake. Mvula ya Febuluwale inali itawathamangitsa mavu m'tchire, ndipo anapeza nyumba youma, yopanda chitseko, yopanda mwini.

"Amosi, tandipatsa thumba. Ndichichotsa bwinobwino ndikachipachike panja. Ndachita zimenezi kambirimbiri."

A Amosi anakanda m'mutu. "Achimwene, chikwangwani chija mwachiona. Ndiyambe ndafunsa." Anatulutsa foni.

Madamu anafika mphindi makumi awiri zisanathe. Anasuzumira, maso awo n'kuwala ngati tsiku loyamba lija.

"Koma izi ndiye zokongola! Alendo akadzaona izi adzasangalala kwabasi. A Amosi, nyumbayi isakhudzidwe, ngakhale msomali umodzi."

"Madamu, malata anga," anatero a Namakhwa. Mawu anatuluka ang'ono ngati a mwana.

"Madala, mukamenya hamala padengapo mavuwa athawa. Inu mumawakonda kuposa tonsefe. Si choncho?"

A Zelipa anamasula nkhata zawo, kukutumula nsaluzo, n'kuyamba kukwera chitunda okha.

Juni anafika ndi chiperoni chake. Ku ofesi kunachitika kamwambo kotsanzikana, ndipo a Namakhwa anapatsidwa chithunzi chawo chija chili m'felemu, atavala ovolosi ya eni, akuloza chisa, akuseka. Chithunzi chomwecho akuti chili pa mapaketi a khofi kutsidya kwa nyanja. Kiyi wa nyumba ya komboni anabweza Lolemba. Kopita kunali kumodzi kokha, ku Goliati kwa mwana wawo Tione, amene amakhala nyumba ya lendi ya chipinda chimodzi ndi mwamuna wake ndi ana anayi. Mkamwini anali atavomera monyinyirika kuti apongozi azigona m'khitchini. Kwa munthu wa msinkhu wawo, kupempha pogona kwa mkamwini ndi manyazi oposa kuyenda wamaliseche pamsika.

Katundu yense anakwana pa njinga imodzi yokankha ndi pamutu pa a Zelipa. Msewu wotulukira pa esiteti umadutsa pamwamba pa khwawa lija. A Namakhwa anali atatsimikiza mumtima kuti sayang'ana, ndipo anakankha njinga maso ali pa tayala lakutsogolo. Koma a Zelipa anaima. Kumunsi, pakati pa udzu umene unali utamera kale pamene panali chimanga, malata khumi ndi anayi ankanyezimira ndi mvula yowaza. Kalipentala wa esiteti anali atapitako sabata yomweyo, kuopa kuti anthu angamakasokoneze mavu.

"Abambo a Tione, taonani," anatero a Zelipa. "Nyumba yathu ija aiikira chitseko. Chabwino ndithu, cha thabwa, ndi loko yemwe."