A Zadzulo ndi Buku la Alamu Awo

Pa kampani yosindikiza mabuku ija, kuseri kwa makina odulira mapepala, kuli kachipinda kopanda windo, kozizira ngati m'firiji. Mmenemo mumakhala nkhalamba ziwiri. Yoyamba ndi bokosi lachitsulo limene limasunga ntchito zonse za m'makompyuta a pakampanipo, lomwe amalitchula kuti seva. Yachiwiri ndi mdala amene amaliyang'anira. Ameneyo ndi a Zadzulo, ndipo dzina lawo lenileni ngakhale akazi awo amayamba aganiza kaye.

Dzinali linabwera chonchi. Tsiku lililonse ikakwana twelofu koloko masana, seva ija imajambula chithunzi cha zonse zili m'mimba mwake. Si chithunzi chomwetulira chopachika pakhoma ayi, koma kukumbukira mmene fayilo iliyonse inalili pa ola limenelo. Ndiye munthu akafufuta ntchito yake mwangozi amathamangira kukachipinda kuja thukuta lili kamukamu, ndipo mdalayo, osacheuka n'komwe, amangofunsa kuti, "Mukufuna zadzulo kapena zadzana?" Amatsegula chithunzi cha tsikulo n'kutulutsamo fayilo ija ili yamoyo. Koma bokosilo lili ndi polekezera. Limasunga zithunzi makumi atatu basi. Chatsopano chikalowa masana, chakale kwambiri chimatuluka, ndipo chikapita chapita.

A Zadzulo sanabadwe ndi kompyuta m'manja. Anayambira pa mawailesi a anthu, kuwatsegula kumsana, kuwatseka, tizitsulo totsala n'kuponya m'thumba. Anadzera ku makina otaipira, kenako makompyuta atafika anangokakamira pomwepo ngati nkhupakupa mpaka anawadziwa. Kunyumba sataya kanthu. Ali ndi chitini cha makiyi a zitseko zimene zinagwa kalekale. Akazi awo amati bambo amenewa akanatha akanasunga ndi mpweya wa dzulo m'botolo. Lolemba lililonse amasankha fayilo imodzi yomwe palibe waitaya n'kuibweza, kungoyesa ngati zithunzi zija zili bwino. Anzawo amawaseka kuti akuukitsa munthu woti sanafe. Iwo amangoti ambulera imene sunaitambasulepo ndi ndodo chabe.

Tsono pakampanipo pali lamulo lodana ndi mtima wa mdalayu: kope limodzi basi. Ukakonza ntchito, yakale fufuta. Lamuloli silinagwe kumwamba. Chaka china anasindikiza makhadi a ukwati mazana atatu kuchokera pa fayilo yakale, momwe munali dzina la mkwatibwi woyamba, amene mkwatiyo anali atasiyana naye kale. Zimene zinalankhulidwa pakhomo pa kampani tsiku limenelo sizilembeka. Kuyambira pamenepo aliyense amaopa makope awiri kuposa moto, ndipo wosunga lamuloli mwakhama kuposa onse ndi achemwali awo a Zadzulo enieni, amene akhala akuyala masamba a mabuku pompo zaka makumi awiri. Mayi aukhondo, oti ngakhale nyenyeswa za pensulo amazisesa zisanafike pansi.

Amuna a mayiwa, alamu awo a Zadzulo, anali dalaivala wa basi za maulendo aatali. Atapuma ntchito anabwereka laputopu n'kuyamba kulemba mbiri ya moyo wawo ndi zala ziwiri, ngati nkhuku yotola chimanga. Laputopu inabwerera kwa eni ake itapukutidwa, mbiriyo inatsala pa fulashi, kachipangizo ka m'thumba kosungira mafayilo, ndipo mwiniwake anamwalira asanaione papepala.

Lachinayi lina, kutatsala mphindi makumi awiri kuti ikwane twelofu, chitseko cha kachipinda kaja chinatseguka. A Zadzulo anatsala pang'ono kufunsa funso lawo lija, koma anamva fungo la sopo amene amamudziwa kuyambira ali mwana.

"Achemwali! Mwasochera? Paja mumati muno ndi mosungira mitembo."

"Usandiseke lero, iwe. Ndipatse mpando."

Anawapatsa wawo womwe, iwo n'kukhala pa katoni. Mayiwo anafotokoza akuyang'ana pansi. Anafuna kusindikiza kabuku ka amuna awo kuti adzukulu adzakawerenge. Anakopera fayilo ija mu foda yawo ya kuntchito, ndipo monga mwa lamulo, ya pa fulashi anaifufuta, fulashiyo mdzukulu n'kudzazamo nyimbo. Kenako nthawi ya nkhomaliro iliyonse ankakhala pansi n'kumakonza.

"Kukonza chiyani?"

"Zosayenera."

"Alamu analemba zoyenera zingati?"

"Ndati usandiseke." Anapukuta mphuno. "Mowa ndinachotsa. Ndewu ija ya kudepoti ndinachotsa. Za mlaliki uja anamusiya panjira dala chifukwa amalalikira kuti madalaivala onse ndi a kumoto, ndinachotsa. Miyezi ija ndinathawira kwa amayi, ndinachotsanso. Dzulo ndamutumizira mwana wathu kuti awerenge. Wandiimbira m'mawa uno. Akuti, 'Amayi, munthu wabwino ameneyu ndi ndani? Nanga adadi anga ali kuti?'"

A Zadzulo anafuna kuseka, koma anakumbukira mwini bukulo. Alamu awo aja ankalowa m'nyumba mawu ali patsogolo, munthu n'kumabwera pambuyo. Zoti munthu wotero angasesedwe mpaka kuyera, zinali ngati kumuika m'manda kachiwiri.

"Munaiika liti mu foda?"

"Tsiku lija anabweretsa mpeni watsopano wa makina odulira."

Anayang'ana pakalendala n'kuwerenga ndi chala. Masiku makumi atatu ndi atatu.

"Kudula munayamba liti?"

"Tsiku lomwelo."

Mdalayo anawerengetsa masikuwo mumtima. Anayang'ana wotchi. Kunatsala mphindi khumi ndi ziwiri, ndipo chithunzi chakale kwambiri chinali chitaima kale pakhomo, chikwama m'manja. Anakokera katoni pafupi ndi kompyuta, magalasi pamphuno, n'kumangirira chithunzicho kuti seva isachitaye. Analakwitsa kamodzi. Kachiwiri zinatheka. Anapumira m'mwamba.

"Basi, ichi sichipitanso kulikonse."

"Ndiye bweza zonse zikhale ngati tsiku limenelo."

"Zonse? Achemwali, ndikabweza bokosi lonseli mwezi wathunthu m'mbuyo, ntchito za anthu onse panjapo zisungunuka. Adzatikweza tonse awiri pa mpeni watsopano uja. Ndingotolamo fayilo imodzi yokha, ndiiike pambali pa yanuyo."

"Pambali? Makope awiri?"

"Lamulo lanulo lero lipite kutchuthi."

Twelofu inakwana, seva inang'ung'udza n'kujambula chithunzi chake cha tsikulo. Pa galasi la kompyuta panaoneka mafayilo awiri ogundizana mapewa. Ya achemwali inali ndi masamba makumi asanu ndi limodzi. Yochokera m'chithunzi inali ndi makumi asanu ndi anayi kudza anayi.

Anatsegula yakaleyo, ndipo alamu aja analowa m'kachipindamo ndi phokoso lawo lonse. Mlaliki anali pomwepo m'mbali mwa msewu, akuthamangira basi jekete lili m'mwamba. Mowa unalimo. Munalinso masamba asanu ndi awiri a munthu amene anatsala yekha m'nyumba mkazi atathawa, akuchapa malaya usiku ndi usana koma osayera, akuvomera yekha kuti wolakwa anali iye. Mayiwo anawerenga pamenepo atagwira pakamwa.

"Izi ndinazichotsa osamaliza kuwerenga," anatero. "Ndinangoona mutu wake."

A Zadzulo anatsitsa masamba kuti awapatse mpata, n'kugwera pa iwo eni. Alamu analemba kuti: Mlamu wanga anandikonzera wailesi. Kuyambira tsiku limenelo imagwira siteshoni imodzi yokha, ya mauthenga a maliro. Sindinamuuze, ndi munthu wa mtima wabwino, manja okha ndi amene anamulakwira.

"Apapa mukanadula ndithu," anatero mdalayo.

"Ndinadula. Wabweza wekha."

Anaseka onse awiri, kuseka konyowa. Kenako mayiwo anati abwerere koyambirira. Tsamba loyamba linayambira pakati pa nkhani, ukwati utachitika kale.

"Analipo masamba zana limodzi ndi atatu," anatero mayiwo pang'onopang'ono. "Oyambirira ali kuti?"

"Munawadula masiku atatu oyamba aja. Zithunzi zake zinatuluka Lolemba, Lachiwiri ndi dzulo."

"Funafuna bwino."

"Mulibe, achemwali."

"Iwe umabweza za anthu onse pano."

"Ndimabweza zimene bokosi likukumbukira."

A Zadzulo anaganiza za Lolemba lapitalo. Anali muno, akuukitsa fayilo ya kalendala ya sukulu ina imene palibe anaifuna, masamba asanu ndi anayi a alamu awo akutuluka pakhomo mwakachetechete. Zaka zonsezi ankadziona ngati mlonda, koma mlonda amalondera chimene wauzidwa kuti chilipo.

"Munali chiyani m'masamba amenewo?"

Mayiwo anakonza mpango umene unali wokonzeka kale. "Mmene tinakumanira."

"Paja tinauzidwa kuti anakuonani kutchalitchi."

"Ndi zimene ndinauza amayi."

A Zadzulo anavula magalasi, n'kuwavalanso. Zaka makumi anayi akudya bodza limenelo ndi manja awiri! Anatsegula tsamba loyera pakompyuta.

"Amene anawerenga masamba amenewo ndinu nokha, ndipo amene analipo zikuchitika mwatsala nokhanso. Nenani, ine ndizilemba."

"Sakhala mawu awo."

"Sakhala. Tilemba pamwamba kuti apa akulankhula ndi amayi, chifukwa mawu a adadi anatayika. Mwanayo tisamunamize kawiri."

Mayiwo anawongola msana ngati ali pa umboni. "Lemba kuti tinadziwana pa ulendo, mwaulemu, ndipo patapita nthawi..."

"Mwayamba kudula."

"Iwe!"

"Ine ndili ndi tsiku lonse. Kozizira ndinazolowera."

Anamuyang'ana mlongo wawoyo ngati amutswe khofi, monga ankachitira kale. Kenako mapewa anagwa.

"Ndinakwera basi yawo kanayi," anatero, "ndilibe kopita. Ndinkakafika kumapeto n'kubwerera nayo yomweyo. Ulendo wachinayi anandifunsa kuti, 'Chemwali, kodi kumeneku mumakagula chiyani chosaoneka?' Ndiye ine ndi amene ndinayamba kulankhula za chikondi. Iwo anachita mantha mpaka anaphonya giya."

Zala ziwiri za a Zadzulo zinayamba kutola zilembo, pang'onopang'ono ngati mwini buku uja. Nkhomaliro inadutsa osaiona. Masamba anakwana anayi okha, osati asanu ndi anayi, chifukwa nthabwala zina za dalaivala zinapita ndi mwini wake, ndipo mayiwo anakana kupeka.

Atamaliza, mdalayo anasunga kope limodzi pa seva, lina anatumiza kwa mwana uja, lachitatu anaika pa fulashi n'kuponya m'thumba la malaya kuti likagone m'chitini cha makiyi.

"Makope atatu," anadandaula achemwali ali pakhomo. "Mudzasindikiza lolakwika."

"Onse ndi amodzi. Wailesi yokha ija, simungaichotseko pang'ono?"

"Kagwere," anatero mayiwo, n'kusiya chitseko chosatseka.