Amayi Anga Ndimagawana ndi Odwala Khansa

Lachinayi lapitali kusukulu kwathu kunali mwambo wopereka mphotho. Ndinakhala woyamba pa sayansi mu Fomu 3 yonse. Atatchula dzina langa ndinayang'ana kumabenchi a makolo. Amayi kunalibe.

Amayi ndi namwino. Amathandiza odwala khansa amene amabwera kudzalandira mankhwala n'kubwerera kwawo tsiku lomwelo. Anali atandilonjeza kuti aweruka msanga.

Mwambo utatha ndinawalondola kuntchito, nditakwiya. Ndinawapeza akuseka ndi mayi wina wa ku Phalula, Abiti Saidi, amene anali pampando, diripi ili pamkono. Minibasi imene Abiti Saidi anakwera inachedwa kudzaza, choncho anafika anzawo onse atapita. M'chipinda cha odwala khansacho anamwino ali ndi kachitidwe kawo: wofika mochedwa sabwezedwa, chifukwa ukamuuza kuti abwere sabata yamawa, kawirikawiri sabweranso.

Abiti Saidi anandiyang'ana n'kufunsa ngati ndine uja wa sayansi. "Amayi akowa atitopetsa nawe, mwanawe. Ife tikumva mseru, iwo ali Fomu 3, Fomu 3."

Ndinamwetulira mwaulemu, koma sizinanditonthoze. Kwa odwala amayi amakamba za ine, kwa ine amakamba za odwala. Ndikudziwa kuti mbuzi ya Abiti Saidi inabereka awiri. Kodi ine ndinafunsa?

Owerenga, nsanje ndili nayo, ndipo sindibisa. N'zochititsa manyazi kuchitira nsanje munthu wodwala, koma ndi mmene zilili.

Mwezi uno amayi anapatsidwa mwayi wosamukira ku ofesi yosunga mafayilo. Kumeneko anthu amaweruka pa nthawi yake, ndipo Loweruka sapita kumaliro a odwala awo. Yankho linkafunika Lachisanu. Ine ndinali nditapemphera kuti avomere.

Tonse timamva madandaulo a ogwira ntchito kuchipatala: odwala ambiri, manja ochepa, mankhwala osowa. Ndi zoona. Amayi amafika kunyumba mapazi atatupa. Nanga bwanji m'mawa amasita yunifolomu akuimba nyimbo?

Aphunzitsi amatiuza kuti tisankhe ntchito imene tidzaikonde. Sanenako kuti munthu akaikonda ntchito, pamakhala wina kunyumba amene amadikira.

Lachisanu m'mawa amayi anandiuza kuti akukakana. Ndinafunsa chifukwa chake.

"Ku ofesi munthu akasowa ndizingoona mzere wopanda kanthu papepala," anatero. "Kumene ndiliku ndimamuimbira foni mpaka abwere."

Ndinati nanga ine. Anandikonza kolala ya bulauzi, n'kunena kuti Lachinayi anandilakwira ndipo sangalonjeze kuti sizidzachitikanso. Ndikanakonda akanandinamiza.

Tsopano nsanje zanga zili ziwiri. Ina ndi ya Abiti Saidi ndi anzawo, amene amayi awasankhanso. Ina ndi ya amayi eniake, chifukwa ali ndi ntchito imene sangaisinthe ngakhale mwana wawo atalira. Inenso ndikufuna yanga yotero. Ndikufuna kudzakhala dokotala, ndipo ndikuganiza kuti ndikhoza.

Koma inu anzanga, ana a anamwino a ku Liwonde ndi ku Balaka kuno, ndiuzeni zoona: nsanjeyi imatha munthu ali Fomu chani?